Kodi mwamuna weniweni ndi wotani? Mafunso amene amabwera kawirikawiri ku Kasungu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene sasowa tikamacheza ndi abambo ndi anyamata m'boma la Kasungu, kaya ndi pa bwalo la mfumu, pa msonkhano wa kalabu ya fodya, kapena anthu akaweruka kutchalitchi. Ambiri tawalemba momwe amafunsidwira, ndi ukali wake womwe. Ngati nkhani yayankhidwa kale pa funso lina, takulozerani komweko.

Nkhani ya jenda si ya amayi? Ife abambo ikutikhudza pati?

Ikukukhudzani, chifukwa ndi nkhani ya zimene mudzi umayembekezera kwa munthu poona kuti anabadwa wamwamuna kapena wamkazi. Kutenga pakati ndi kuyamwitsa n'zachibadwa, palibe angazisinthe. Koma zoti ndani atunge madzi, ndani asunge khadi la kubanki, ndani alankhule pa mlandu, ndi anthu anakhazikitsa, n'chifukwa chake zimasiyana dera ndi dera. Ku Santhe mwana ndi wa kuchikazi. Mukapitirira Nkhamenya n'kulowa ku Mzimba, komwe amalowola, mwana ndi wa kwa bambo ake. Onse awiri amati ndicho chikhalidwe, ndipo palibe akunama.

Mwamuna naye anamuikira malamulo ake: asalire, asadwale, asasowe ndalama, asafunse nzeru kwa mkazi. Zimene malamulowa akuchita pa moyo wa amuna tazifotokoza pa funso la kulira ndi la kuchipatala.

Ndiye kuti mkazi asanduke mwamuna, mwamuna asanduke mkazi?

Ayi. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amaletsa pa gawo 20 kusala munthu chifukwa ndi wamkazi kapena wamwamuna. Gawo 24 limati mayi, wokwatiwa kapena ayi, ali ndi ufulu wokhala ndi katundu wakewake, kuchita mgwirizano wa malonda, ndi kulera ana mofanana ndi bambo. Palibe pamene analemba kuti bambo avale chitenje.

Zimenezi si zachizungu? Makolo athu sankakhala chonchi.

Funsoli ndi lofunika kulikhalira pansi, chifukwa zambiri zimene lero tikuziteteza ngati mwambo wa makolo si zakale kwenikweni.

Kwa Achewa mtundu umawerengedwa kuchikazi. Ufumu wa Kalonga unkadutsira mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumuyo. Ku kachisi wa mvula wa ku Msinja wamkulu anali Makewana, munthu wamkazi, ndipo mafumu ankamumvera. M'mudzi munda unali wa mbumba. Mnyamata akakwatira ankasamukira kwa mkazi kukakhala mkamwini, n'kumalimira apongozi kuti aone ngati ali ndi manja. Ulemu wa mwamuna unkachokera pa unkhoswe: kuyang'anira alongo ake ndi ana awo, kuwaimira pa milandu, kuonetsetsa kuti mlongo wake sakuzunzika m'banja. Mkamwini akamenya mkazi, madzulo omwewo ankayang'anizana ndi alamu ake. Mwamuna wa Chichewa ankayesedwa ndi funso lakuti anthu ako ali bwanji, osati lakuti uli ndi zingati m'thumba.

Nanga mwamuna wosunga yekha ndalama, wolamula yekha, anachokera kuti? Atsamunda atabweretsa msonkho, amuna anayenera kutuluka m'mudzi kukasaka ndalama. Ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Rhodesia, ena anachona. Ndalama inayamba kudziwika ngati chinthu cha mwamuna. Amishoni nawo ankalimbikitsa banja la bambo, mayi ndi ana, mphamvu za amalume n'kuyamba kuchepa. Kenako kuno ku Kasungu kunadzaza maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970, ndipo cha mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Dzina lolembedwa pa chiphaso cha fodya, pa ngongole ya feteleza ndi pa akaunti yakubanki kawirikawiri linakhala la bambo. Apo m'pamene panakhwimira "mwambo" umene ambiri akuulumbirira lero.

Sitikunena kuti kale kunali paradaiso. Chokolo chinalipo, fisi analipo, atsikana ankakwatiwa ali aang'ono, ndipo pa bwalo olankhula ambiri anali amuna. Ngakhale Kamuzu Banda, mwana wa kuno kwathu amene ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ya amayi onse, ndi yemweyo amene boma lake mu 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi. Koma amene akuti kumvera mawu a mkazi n'chizungu akafunse agogo ake kuti nkhokwe inkakhala pakhomo pa ndani.

Baibulo limati mwamuna ndi mutu wa banja. Mukutsutsana nalo?

Mawuwo ali pa Aefeso 5:23, ndipo ambiri amawaloweza. Koma ndime 21 imauza okhulupirira kuti azimverana wina ndi mnzake, ndipo ndime 25 imauza amuna kukonda akazi awo monga Khristu anakondera mpingo mpaka kuufera. Ndime 28 imati wokonda mkazi wake akudzikonda yekha. Mutu umene Paulo akunena ndi wa munthu wosambitsa ophunzira ake mapazi, monga pa Yohane 13. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31, amene amayi a chigwirizano amamutchulatchula, amagula munda ndiponso amachita malonda, mwamuna wake osapsa mtima.

Ngati bambo akufuna kukhala mutu mwa njira imeneyo, ife tilibe nawo mlandu.

Ndalama za fodya ndi za ndani? Dzina la pa akaunti ndi langa.

Dzina ndi lanu, koma tiyeni tiwerenge ntchito. Nazale imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mvula ikagwa pali kuwokera, kuthira feteleza, kupalira, kubandira. Kenako kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha magiredi mpaka maso kuwawa. Mwa zonsezi, ndi iti imene mayi sagwira? Ndipo akachoka kumunda iye ndiye amakatunga madzi, kufuna ndiwo, kuphikira aganyu. Ntchito zimene bambo amaonekera yekha ndi zakumapeto: kudinda mabelo pa jeke, kukweza pa galimoto, ndi kupita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma.

Zimene zimachitika msika ukatsegulidwa, cha mu Epulo, aliyense amazidziwa. Bambo amanyamuka kuti akukaona ngati ndalama zalowa, n'kutha sabata ziwiri pa boma kapena pa Chinkhoma pomwepo. Akabwerako ali ndi foni yatsopano, nsalu imodzi ya mayi, ndi nkhani yoti fodya anagulidwa motchipa ndipo akampani adula zonse. Nthawi zina n'zoona ndithu, mitengo imagwa ndipo ngongole ya zipangizo imadya gawo lalikulu. Koma mayi sangadziwe, chifukwa seloshiti, pepala loonetsa mmene fodya wagulidwira ndi zimene adula, sanaione. Ena amabwerako ndi mkazi wachiwiri. Pofika Febuluwale, banja lomwe linagulitsa mabelo khumi likuchita ganyu yolipidwa mbale ya chimanga.

Chimene timalangiza ndi chaching'ono koma ambiri chimawalemera: seloshiti ibwere kunyumba, muione awiri. Mugwirizane fodya asanapite ku okushoni kuti choyamba n'chiyani. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, yomwe ndi nthawi imene ndalama za fodya zimalowa, ndiye matumba a chakudya agulidwe pomwepo, kenako feteleza ndi fizi. Zikatsala, aliyense akhale ndi yake ya m'thumba imene safunsidwa nayo mafunso. Bambo amene amamwa mowa ndi gawo lake logwirizana sabisala kumbuyo kwa golosale akaona mlamu wake akudutsa. Chimodzimodzi ndi soya ndi mtedza. Mtedza kale unkatchedwa mbewu ya amayi, koma utangoyamba kukhala ndi mtengo, matumba anayamba kunyamulidwa ndi abambo.

Kumbali ya malamulo, lamulo la maukwati la 2015 limati banja likatha khoti pogawa katundu liziona zimene aliyense anathandizapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Dzina pa akaunti silithetsa nkhani.

Ndikaphika kapena kubereka mwana kumbuyo, anzanga amati anandidyetsa khuzumule. Nditani?

Yang'anani amene akukusekaniwo. Amene amakazinga tchipisi pa chiwaya pa Chatoloma ndi amuna. Amene amapalasa njinga yodzaza nkhuni kapena zigubu za madzi kukagulitsa ndi amuna. Agogo athu ku migodi ankadziphikira ndi kudzichapira. Ndiye kuti ntchitozi sizichititsa manyazi pakakhala ndalama, zimangochititsa manyazi zikakhala zothandiza mkazi wako. Pamenepo ndi pamene pali pofunika kudzifunsa.

Dziwaninso kuti oseka si amuna okha. Nthawi zambiri mawu owawa amachokera kwa mayi anu kapena alongo anu, ndipo amalunjika kwa mkazi wanu, kuti ndi waulesi kapena kuti anapita kwa sing'anga. N'chifukwa chake amayi ena amalanda okha mthiko m'manja mwa amuna awo. Mukaganiza zoyamba kuthandiza, auzeni abale anu nokha kuti maganizowo ndi anu. Kusekako kumatha anthu akazolowera. Msana wa mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu suchira msanga choncho.

Mkazi akayamba geni kapena kulowa banki m'khonde amayamba mwano. Si zoona?

Nthawi zambiri chimene chimatchedwa mwano ndi chakuti mayi wasiya kupempha ya mchere ndi ya kuchigayo, ndipo wayamba kufunsa mafunso. Alipo amayi amene amanyoza amuna awo akapeza ndalama, monga alipo abambo otero, ndipo chipongwe n'choipa kaya chichokere kwa ndani. Koma kuletsa mkazi geni chifukwa cha mantha kumasiya banja likudalira dzanja limodzi. Chaka chimene fodya wabwezedwa kumsika kapena mvula yadula, monga zinachitikira mu 2024, mabanja ambiri amadya kuchokera pa mandasi ndi tomato wa mayi.

Vuto lina la banki m'khonde ndi la abambo amene amatuma mkazi kukatenga ngongole, iwo n'kuidya. Tsiku lobweza likafika, amene amalandidwa ziwiya ndi mbuzi pamaso pa anzake ndi mayi.

Kodi kumenya pang'ono si mankhwala a banja?

Si mankhwala, ndi mlandu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo silinena za kumenya kokha. Limawerengeranso kutukwana ndi kuopseza, kukakamiza kugonana, ndi kumana banja ndalama mwadala. Wozunzidwa akhoza kupempha khoti la majisitireti kuti liletse womuzunzayo kumuyandikira, ngakhale kumutulutsa m'nyumba.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakhalapo pabanja, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya yomenya, yogonana kapena ya mawu. Chodabwitsa m'kafukufuku yemweyo n'chakuti amuna ambiri, oposa 80 mwa 100, anati palibe chifukwa chovomerezeka chomenyera mkazi. Ndiye kuti womenya ali m'gulu la ochepa. Chimene chimamuteteza ndi chete wa amuna anzake, amene amamva kulira usiku koma m'mawa n'kusewera naye bawo ngati palibe chachitika.

Ankhoswe a ukwati ali ndi mbali yaikulu apa. Mawu akuti banja ndi kupirira ndi abwino pa umphawi, pa matenda, pa kusiyana maganizo. Koma ankhoswe amene amabweza mkazi wotupa nkhope kwa mwamuna yemweyo kachitatu, akungomuuza kuti apirire, asiya ntchito imene anawaikira. Munthu akavulazidwa, nkhani ipite ku chipatala ndi ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amangoti Victim Support Unit. Pali nambala yaulere ya 5600 ya nkhani za nkhanza, ndi 116 ya nkhani za ana. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Nanga amuna sachitidwa nkhanza? Bwanji simuzinena?

Amachitidwa. Alipo amene amamenyedwa, kuthiridwa madzi otentha, kumanidwa chakudya, kapena kunyozedwa pamaso pa ana chifukwa ntchito yatha. Lamulo la 2006 lija limateteza aliyense wa m'nyumba, mwamuna yemwe. Chimene chimatsekereza amuna ndi kuopa kusekedwa, ndipo oyamba kuseka ndi amuna anzawo. Maganizo omwewo akuti mwamuna ndi wamphamvu nthawi zonse ndi amene amamutseka pakamwa akamazunzika.

Chilungamo chake n'chakuti ovulala kwambiri ndi ophedwa m'mabanja ambiri ndi amayi. Kunena zimenezi sikuchotsa kanthu pa ululu wa bambo amene akuzunzika.

Ine ndili pa chikamwini. Ndimange bwanji nyumba ya malata pa malo a eni ake, mawa andithamangitse?

Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo alipo amuna amene anachoka pamudzi ndi kachikwama kokha mkazi atamwalira, atalima pamenepo moyo wawo wonse. Koma onani kuti mayi amene ali pa chitengwa, chomwe chafala kwambiri kuno masiku ano, ali ndi mantha omwewo. Iyenso amawotcha njerwa pa malo a eni. Amene wamva kuwawa kwa chikamwini ndiye ayenera kukhala woyamba kumvetsa za mkazi wa chitengwa.

Malamulo a malo a 2016 anatsegula mwayi wolembetsa malo a makolo, ndipo mwamuna ndi mkazi akhoza kulembetsa limodzi. Komiti ya malo ya m'mudzi imayenera kukhala ndi amayi osachepera atatu mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa. Ntchito yolembetsayi sinafike paliponse. Pakadali pano mabanja ena amapempha malo kwa mfumu kapena kugula puloti pa tawuni m'maina a onse awiri. Musanayambe kumanga, itanani ankhoswe a mbali zonse ndi a mfumu, mugwirizane za nyumbayo, zilembedwe. Onaninso funso lomaliza.

Mwamuna salira. Mukufuna tizilira pagulu?

Palibe akukukakamizani kulira. Chimene tikunena n'chakuti mwamuna akhale ndi munthu mmodzi kapena awiri amene angawauze zoona zinthu zikathina.

Chaka ndi chaka apolisi akatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala amuna, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Kuno kwathu njira yake timaidziwa. Munthu watenga zipangizo pa ngongole, fodya sanachite bwino, wakatenga katapila kuti atseke dzenje, kenako wayesa kubetcha mpira kuti abweze katapila. Mkazi sakudziwa kalikonse, chifukwa mwamuna sauza mkazi za ndalama. Anzake sakudziwa, chifukwa kumowa amakamba za Bullets ndi Wanderers. Tsiku limene angongole afika pakhomo, munthuyo amaona ngati umuna wake wonse watha. Apa m'pamene nkhani ya seloshiti ija imasanduka nkhani ya moyo: bambo amene anaonetsa mkazi wake ndalama zitabwera savutika kumuonetsa ngongole.

Mukaona mnzanu wasiya kucheza, sakugona, wawonjeza mowa, akugawa katundu wake, kapena akulankhula zoti atopa nawo moyo, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo mupite naye ku chipatala cha boma, komwe kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso pa nkhani zimenezi ndi za mowa.

Kusikelo ndi kwa amayi. Ine ndikatani kumeneko?

Mukayezetsa magazi limodzi, mukamva tsiku loyembekezera, ndi kudziwa zizindikiro zoopsa monga kutaya magazi, kutupa mapazi ndi nkhope, kapena mutu waukulu. Amene ali ndi ndalama ya kabaza usiku ndi inuyo. Ngati simudziwa kuti zizindikirozi n'zakupha, mudzati tidikire kuche, kuchokera ku Chulu kapena ku Simlemba mtunda uli pamenepo.

Za inu eni: amuna m'dziko muno amachedwa kuyezetsa HIV kuposa amayi, amachedwa kuyamba ma ARV, ndipo ambiri amafika kuchipatala atanyamulidwa. Ena amati zotsatira za mkazi ndi zawo zomwe, pamene zimatheka mmodzi kukhala ndi kachilombo wina ayi. Mawu akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda anaika anthu ambiri m'manda m'zaka za m'ma 1990. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga nazo sizipweteka poyamba. Amene akuchita manyazi kufola ayambe ndi kuimba 54747, Chipatala cha pa Foni, kwaulere.

Bambo wolembedwa ntchito adziwenso kuti kuchokera mu 2021 lamulo la ntchito limamupatsa tchuthi cha sabata ziwiri mkazi akachira, kamodzi pa zaka zitatu.

Mkazi wanga akungobereka atsikana, kapena sakubereka n'komwe. Ndilakwa kukwatira wina?

Chimene chimachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi chili mu mbewu ya bambo, osati mwa mayi, ndipo palibe amene amasankha. Kusabereka nako kumachokera mbali zonse, ndipo mwa mabanja ambiri ovutika chonchi vuto limapezeka mwa mwamuna. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni woti mbewu ili bwino. Mukayezetse nonse awiri musanaloze chala. Zina mwa zoyambitsa, monga matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino, zimapeweka.

Kodi mukulimbana ndi gule ndi kudambwe?

Ayi. Gule Wamkulu ndi chuma cha Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Za kudambwe zili ndi eni ake, sitizikamba pano. Chimene aliyense amadziwa n'chakuti mwambo umaphunzitsa mnyamata ulemu kwa akulu, kulimba mtima, ndi kutumikira pa maliro. Zimenezo palibe angazinyoze.

Madandaulo amene timamva ndi awiri. Loyamba ndi la anyamata otengedwa sukulu ili mkati, ndipo mafumu ambiri anaika kale malamulo oti chinamwali chizichitika pa holide. Lachiwiri ndi la mnyamata wa zaka 12 amene akabwerako amaona ngati wakula moti mayi ake kapena aphunzitsi aakazi sangamuuze kanthu. Akuluakulu a mwambo amene timacheza nawo amakana kuti amaphunzitsa zimenezo. Ngati ndi choncho, iwo ndi amene ali ndi mphamvu yowongola, ndipo mnyamata amawamvera kuposa mmene angamvere wa bungwe wobwera pa galimoto.

Chilichonse ndi mtsikana, mtsikana. Anyamata mwawaiwala?

Pali chifukwa chimene chidwi chinapitira kwa atsikana. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, 42 mwa 100 anakwatiwa asanafike zaka 18. Mpaka mu 1993 mtsikana akatenga pakati sukulu inkathera pomwepo. Nyumba ya Malamulo inachita kusintha malamulo aakulu mu 2017 kuti wosafika zaka 18 asalowe m'banja ngakhale makolo atavomereza. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu.

Komabe funsoli lili ndi mfundo. Mnyamata wa ku Kasungu amasiya sukulu kukaweta ng'ombe, kukagwira ganyu m'minda ya fodya, kukapalasa kabaza, ndipo palibe amamulondola chifukwa amati mwamuna adzadzionera. Akafika zaka 20 alibe satifiketi, alibe munda, koma aliyense akumuuza kuti mwamuna ndi ndalama. Mkwiyo umene amakhala nawo umadzathera pa mkazi amene adzakwatire. Magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu alipo. Abambo akhoza kuchita chimodzimodzi kwa anyamata popanda kudikira bungwe.

Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Mkazi angatsogolere anthu?

Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko mu 2012. Anastasia Msosa anakhala mkulu wa majaji mu 2013, Catherine Gotani Hara sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Rose Chibambo anali kale m'boma dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Mukhoza kutsutsa ntchito ya aliyense wa iwo, monga timatsutsira atsogoleri aamuna, koma zoti sizingatheke zinatha. Kumudzi kuno mafumu aakazi alipo, ndipo ufumu ukafuna wolowa, ntchembere za m'banja lachifumu ndi zimene zimaloza munthu.

Lamulo la 2013 loona za kufanana kwa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 mwa 100, ina isachepere 40. Silitchula amayi, ndiye limatetezanso amuna pamene achepa. Lamulo lomwelo limaletsa kufuna chibwenzi mokakamiza pa ntchito kapena pa sukulu, ndi miyambo yovulaza monga kulowa kufa.

Kwathu ana ndi a kuchikazi. Banja likatha, fizi si ya amalume awo?

Apa ena amadya mbali ziwiri. Banja likalipo amati ine ndine mutu, ana ndi anga. Likatha amakumbukira kuti ndi Achewa, ana ndi a kwa mayi awo. Pamene iwo eni ana a alongo awo sawalipirira kalikonse.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika udindo pa makolo onse awiri, kaya anakwatirana, analekana, kapena sanakwatiranepo. Mayi, kapena aliyense amene akusunga mwanayo, akhoza kukasuma ku khoti la majisitireti kuti bambo azipereka chithandizo, ndipo khoti limaona mapezedwe a munthu. Bambo nayenso ali ndi ufulu woona ana ake, ndipo akhoza kupempha kuwasunga. Khoti limayang'ana ubwino wa mwana, osati mtundu wa ukwati. Amalume akathandiza n'zabwino, koma sizichotsa udindo wa bambo.

Ndikamwalira, katundu wanga adzakhala wa ndani: mkazi ndi ana, kapena abale anga?

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse, obadwira m'banja ndi a kunja omwe, kenako ena amene ankadalira womwalirayo, monga makolo okalamba. Wamasiye amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo, ngakhale wolandayo akhale mchimwene wa malemu. Izi zimatetezanso bambo wa pa chikamwini mkazi wake akatsogola.

Komabe pa maliro a kumudzi lamulo limafika mochedwa, ngolo ndi ng'ombe zitapita kale. Njira yodalirika ndi kulemba wilo. Kulemba wilo si kudziitanira imfa, ndipo sikufuna kuti mukhale wolemera. Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wamutu wabwinobwino, akhoza kulemba m'Chichewa momwe. Tchulani katundu mmodzimmodzi: nyumba, njinga yamoto, ng'ombe, akaunti ya fodya, masheya a ku SACCO, ndi amene adzalandire chilichonse. Tchulani ana onse, ngakhale amene akunyumba sakuwadziwa, chifukwa adzatulukira ndithu tsiku la maliro. Sainani pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine, ndipo ndi bwino mbonizo zisakhale mwa olandira katundu. Kasungitseni ku ofesi ya DC, kukhoti kapena kwa loya, ndipo mkazi wanu ndi nkhoswe yanu adziwe komwe ili. Mukagula china kapena mwana wina akabadwa, lembaninso yatsopano yokhala ndi deti lake.